Nsanja Zinayi za pa Eddystone

Kumwera kwa dziko la England, kunja kwa doko la Plymouth, kuli matanthwe otchedwa Eddystone, amene amamira nyanja ikadzala. Kale zombo zambiri zinasweka pamenepo, pakuti mumdima amalinyero sanali kuwaona. Chifukwa chake anthu anapangana kumangapo nsanja, ndi kuyatsa nyali pamwamba pake.

Woyamba ndiye Henry Winstanley, amene anamanga ya matabwa, nayatsa nyali yake m'chaka cha 1698. Koma mu Novembala 1703 kunadza namondwe woopsa, iye ali m'katimo. Kutacha, nsanja panalibe, ndipo mwini wake yemwe sanaonekenso.

Yachiwiri anaimanga John Rudyerd, ya matabwanso, naitsiriza mu 1709. Iyo inapirira mafunde zaka zoposa 40, koma mu 1755 moto unabuka kudenga. Mlonda wokalamba, Henry Hall, poyesa kuuzima anayang'ana kumwamba, ndipo mtovu wosungunuka unagwera m'kamwa mwake. Atapita masiku owerengeka anamwalira, ndipo sing'anga anapeza mtovuwo m'mimba mwake.

Pamenepo John Smeaton anasankha miyala. Analingalira za mtengo wa thundu, umene uli waukulu kutsinde ndi wochepa kumwamba, namanga momwemo. Miyalayo anaisema kuti ilumane, wina kulowa mwa unzake, naimata ndi laimu wolimba ngakhale m'madzi. Makandulo 24 anayaka pamwamba pake mu 1759, ndipo m'katimo analembamo mawu a pa Salmo 127. Koma mu 1877 kunapezeka kuti nsanjayo inali kugwedezeka, si chifukwa cha miyala yake ayi, koma thanthwe la pansi pake linali kudyeka ndi madzi.

Tsono James Douglass anamanga yachinayi pathanthwe lina pafupi pomwepo, ndipo inayamba kuwala mu 1882. Kufikira lero nyali yake imaphethira kawiri pa masekondi 10 aliwonse, kuti mmalinyero adziwe kuti ndi ya Eddystone, si ina ayi. Alonda anachokapo, pakuti kuyambira mu 1982 makina ndiwo aiyatsa. Gawo lapamwamba la nsanja ya Smeaton analimanganso kumtunda, pa Plymouth Hoe, ndipo alendo amakweramo.

Abale, mphepo inagwetsa yoyamba, moto unanyeketsa yachiwiri, koma yachitatu, yolimba koposa zonsezo, inalephera pa maziko. Ife amene timanga mabanja ndi mipingo, tiyese bwino pamene tamangapo, pakuti alipo ena mumdima amene adalira nyali yathu.