Burashi ya agogo ndi akavalo amene sanafike ku Mua

Agogo anga aamuna atamwalira m'chaka cha 2004 kumudzi kwathu pafupi ndi Mua Mishoni, m'sutikesi mwao tinapezamo zinthu zitatu: chitupa chakale cha ku Rhodesia, kolona, ndi burashi yaikulu ya lamba wopisamo dzanja. Burashiyo ife ana tinailanda n'kumapukutira nsapato za pa Sande mpaka inayoyoka. Tinkadziwa ndithu kuti inali yopesera kavalo, pakuti agogowo sankatha sabata osatchula za akavalo, koma tinkangoti n'zocheza za nkhalamba. Nanga kavalo tikanamuonera kuti? Kuchokera pa Golomoti mpaka pa Mtakataka, nyama yoteroyo tinkangoiona m'buku la sukulu basi.

Ngakhale maina ake ndi obwereka. Liwu loti kavalo tinatenga kwa Apwitikizi, monganso loti bulu, ndipo loti hatchi ndi pachibale ndi la Azulu ndi Andebele kummwera kuja. Chimene chinamuletsa kukhazikika kuno kuchigwa ndi tizilombo tiwiri. Koyamba ndi kashembe, ntchentche youluma ija imene imapatsira ziweto nthenda yoondetsa. Kachiwiri ndi kantchentche kakang'ono kouluma madzulo ndi usiku, kamene kamafalitsa mliri wa akavalo wotchedwa African horse sickness. Mliriwu ukalowa m'khola la akavalo osalandira katemera ungathe kupha 9 mwa 10 alionse, ndipo m'zaka za 1854 ndi 1855 unapha akavalo pafupifupi 70,000 ku Cape.

David Livingstone anayesa kulimbana ndi kashembe m'chaka cha 1866. Pouyamba ulendo wake wotsata mtsinje wa Rovuma kulinga kunyanja yathu ino, anatenga ngamira 6, njati zoweta za ku India, nyulu 2 ndi abulu 4, kuti aone nyama imene ingapirire. Zinafa imodziimodzi m'njira. Chomvetsa chisoni n'chakuti mayeso akewo sanamuthandize kwenikweni, chifukwa asilikali a ku India amene ankaziyendetsa ankazisenzetsa katundu wopyola muyezo, kuzimenya ndi kuzisiya padzuwa, kotero kunali kovuta kusiyanitsa imfa ya kashembe ndi imfa ya nkhanza. Pamene ankazungulira nyanja kummwera n'kukwera mapiri a Kirk Range, katundu yense anali pamitu ya anthu. Kachilombo kenikeni ka m'magazi anadzakatulukira ndi David Bruce ku Zululand mu 1895, ndipo Bruce yemweyo anadzakhala kuno kwathu, pa Kasu m'dera la Dowa, kuyambira 1912 mpaka 1914, akufufuza nthenda ya kaodzera.

Tsono pamene ansembe a chipani cha White Fathers ankamanga misasa yao m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe mu 1902, dziko lino linali litapeza kale kavalo wake wake, ndiye munthu. Mzungu wa boma, wa malonda ngakhale wa mpingo ankayenda pa machila, anyamata akusinthana paphewa, akuthamanga ndi kuimba. Katundu ankayenda pa mtengatenga. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a dziko lino pafupifupi 200,000 anagwira ntchito yosenza katundu wa asilikali, ambiri osabwerera kwao. Akavalo ochepa amene analipo ankasungidwa kumtunda kozizira, ndipo amene mumadutsa pa Zomba mumaliona dzina lija la Gymkhana Club, liwu limene Angerezi anatola ku India n'kumatchulira masewero a pa akavalo.

Njanji itafika kuchigwa kuno mu 1935 podzera pa Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka kunka ku Salima, inapeputsa mitu ya amtengatenga, koma inayambanso kututa anyamata. Agogo anakwera sitima mu 1957, kudutsa Limbe, mlatho wa Zambezi, Dondo ndi Umtali, mpaka Salisbury, amene lero ndi Harare. Anzao analowera m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Iwo mwayi unawagwetsera pakhola lina la akavalo a mpikisano kunja kwa tauni. Masewerowa kumeneko anali akale: bungwe la Mashonaland Turf Club linayamba mu 1892, atsamunda atangotha zaka ziwiri chifikire, ndipo mpikisano wotchuka wa Castle Tankard unayamba mu 1960 pabwalo la Borrowdale.

Ntchito yao ankaifotokoza motere. Kudzuka 4 koloko m'mawa, kuwola ndowe, kuyala udzu wina, kutunga madzi, kupesa kavalo kuyambira kukhosi mpaka kumchira, kenaka kugwada n'kusisita miyendo yonse inayi ndi chikhatho. Apa ndi pamene ankatsindika. "Mdzukulu wanga, kavalo sanena kuti ndikudwala. Umamva ndi dzanja. Mwendo ukafunda pamene dzulo panali pozizira, ndiye kuti kwagwa nkhani." Ankaseka akamakumbuka kuti kavalo anali ndi dokotala wake, bulangete lake ndi chakudya choyeza pa sikelo, pamene iwo ankalandira phoso la ufa ndi nyemba n'kumagona anthu anayi m'kachipinda kuseri kwa khola. Koma nsanje pa nyamayo analibe. Ankati iyenso anali pa kontalakiti ngati iwo, kungoti yake inalibe tsiku lothera.

Panali kavalo wina wamkazi amene azungu anam'patsa dzina la Chingerezi, koma agogo ankamutcha Naphiri, potengera chiwongo cha mai ao. Anamusamala zaka ziwiri. Lolemba lina anamva kufunda pamwendo wakutsogolo wakumanzere, nakauza bwana wao. Bwanayo anagwirako, nati palibe kanthu, mpikisano uli Loweruka ndipo ndalama zalowa kale. Anam'baya jekeseni wopha ululu. Lachinayi m'mamawa, pomuthamangitsa koyeserera, agogo ali chiimire kumpanda anamva phokoso ngati munthu wathyola nkhuni youma. Naphiri anayesa kupitirira ndi miyendo itatu. Anawaitana iwo kuti agwire chingwe, poti ndi iwo okha amene akanamukhazika mtima pansi, ndipo anamuombera ali m'manja mwao. Madzulo ake anawapatsa kavalo wina woti azisamala. Burashi ya Naphiri anaibisa m'sutikesi, n'kubwera nayo kumudzi mu 1983.

Ndili mwana ndinkafunsa kuti, agogo, bwanji sanam'mange pulasitala ngati mmene amachitira kuchipatala? Yankho lake ndinadzalimvetsa nditakula. Kavalo wa mpikisano amalemera makilogalamu pafupifupi 500, ndipo amathamanga liwiro lofika makilomita 60 pa ola, thupi lonselo likutera pa timiyendo toonda topanda mnofu kumunsi kwa bondo. Fupa likathyoka pa liwiro lotere limaphwanyika tizidutswa. Kavalo sangagone pansi milungu ingapo monga munthu, ndipo akalemetsa miyendo itatu yotsalayo, ziboda zimatupa m'kati ndi ululu woopsa. Chinanso, ambiri amayamba mipikisano ali ndi zaka 2, pamene mafupa a thupi lonse amatsiriza kukhwima pa zaka 5 kapena 6. Madokotala a ziweto anapeza kuti kuthyoka kwambiri kotere kumachokera ku timing'alu tating'ono timene timakula pang'onopang'ono m'fupa chifukwa cha kuthamanga kosapumira. Ndiye kuti chikhatho cha agogo sichinaname. Mankhwala opha ululu amangotseka pakamwa pa mwendo pamene mng'alu ukukulabe.

Pamene pali juga, nyama imasanduka chikwama cha ndalama. Ku Durban, kumene mpikisano wa July wakhala ukuchitika kuyambira 1897, kavalo wotchuka Sea Cottage anaomberedwa ndi mfuti pantchafu mu June 1966, milungu itatu mpikisano usanachitike, pofuna kuti asapambane. Anathamangabe chipolopolo chili m'thupi, nakhala wachinayi, ndipo mu 1967 anafika pamzere limodzi ndi Jollify, onse awiri n'kukhala oyamba. Anthu amaikamba nkhaniyi ngati ya ungwazi. Ine ndikaimva ndimaganiza za amene ankatsuka balalo usiku, amene dzina lake simulimva. Chimodzimodzi Ipi Tombe, kavalo wamkazi wobadwira ku Zimbabwe amene anapambana July mu 2002 napita kukagonjetsa anzake ku Dubai mu 2003: timadziwa omuweta, omuphunzitsa ndi omukwera, koma amene ankam'gwira miyendo m'bandakucha sitiwadziwa.

Kunyalanyaza anthu a m'khola kumabwerera pa nyama yomweyo. Mu September 2020 pabwalo la Fairview ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ndi Gqeberha, anthu okwiya pa nkhani ya kuchotsedwa ntchito m'makola anatsekulira akavalo oposa 20 n'kuwathamangitsa ndi zikwanje ndi ndodo. Mmodzi anafa, ena anavulala. Nkhanza imeneyi ilibe chodzikhululukira, ndipo agogo akanakhala moyo akanalira. Koma ikutionetsa kuti khola limene munthu akudandaula osamvedwa, kavalo wakenso sali pabwino.

Zina zasintha, tisakane. Dziko la Norway linaletsa kukwapula akavalo pa mpikisano kuyambira 1982, Sweden inatsatira mu 2022, ndipo ku Britain kuyambira 2023 wokwera saloledwa kupyola zikwapu 6 pa mpikisano wa pansi kapena 7 pa wodumpha mipanda. Koma funso la ukalamba likadalipo. Kavalo amatha kukhala zaka 25 kapena 30, pamene ntchito yothamanga imatha asanafike ngakhale zaka 10. Mu 2021 pulogalamu ya Panorama ya BBC inaulula kuti akavalo a mpikisano osachepera 4,000 anaphedwa kumalo ophera nyama ku Britain ndi Ireland kuyambira 2019. Amene munaona matchona akutsika basi ndi sutikesi imodzi pambuyo pa zaka makumi atatu, nkhaniyi simuimva ngati yachilendo.

Mwina wina mukuti, nanga ife za akavalo zikutikhudza bwanji, si za azungu izi? Abale anga, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'matauni mwathu anyamata akutaya ndalama m'nyumba zobetchera, ena pa akavalo a pa kanema amene satopa ndiponso sathyoka mwendo. Ndipo tsiku la msika pa Golomoti kapena pa Mtakataka, taimani muone ngolo zikubwera: ng'ombe za zilonda pakhosi, abulu omangidwa goli lopangira ng'ombe, katundu wopyola, mkwapulo uli m'mwamba. Lamulo loteteza nyama ku nkhanza, Protection of Animals Act, lilipo m'mabuku a dziko lino, koma ndi angati amene analimvapo? Kawirikawiri woyendetsa ngoloyo ndi mnyamata waganyu. Iye ndi amene amayamba kuona kuti ng'ombe ikutsimphina. Akakauza mwini wake, yankho ndi lija analandira agogo, loti ndalama zalowa kale.

Mwezi wathawu ndinali kumudzi, ndipo ndinapeza mphwanga akumasula ng'ombe madzulo. Ndinamuuza kuti agwade asisite miyendo yonse inayi ndi chikhatho, monga ankachitira agogo. Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anagwada. Pa mwendo wachitatu anakhala kaye chete, kenaka anati, "Achimwene, apa pakutentha." M'mawa mwake ngolo sinatuluke, ndipo malume anakalipa tsiku lonse.