Mbiri ya Machenjezo a Moto m'Nyumba Zikuluzikulu

Kale m'mizinda ya ku Ulaya ndi ku America, moto ukabuka alonda ankakuwa n'kuliza mabelu a m'matchalitchi. Mu 1852 mzinda wa Boston unayamba kutsata njira ya William Channing ndi Moses Farmer, yoika m'misewu timabokosi totumiza uthenga wa moto kudzera pa waya. Pambuyo pake mabelu a magetsi anafika m'mafakitale, m'masukulu ndi m'mahotela.

Vuto la belu n'lakuti silinena kumene kwabuka moto, ngakhale khomo lothawira. Ambiri akalimva amangoyang'anana, poganiza kuti eni nyumba akungoliyesa. Moto utapha anthu 31 pasiteshoni ya King's Cross ku London mu 1987, Guylène Proulx ndi Jonathan Sime anachita kafukufuku pasiteshoni ya sitima za pansi panthaka ya Monument ku Newcastle. Pamene belu lokha linkalira, anthu ankangodikirabe sitima, ena n'kumatsikirabe pansi. Koma atamva mawu a pachimkuzamawu ofotokoza chachitika ndi kolowera, anatuluka msangamsanga.

Ku America, malamulo a machenjezo a moto otchedwa NFPA 72 a mu 2010 anawonjezerapo mauthenga a ngozi zina, monga zigawenga ndi mphepo yamkuntho. Pa ngozi zoterezi, nthawi zina anthu amauzidwa kuti asatuluke.