Kamphasa ka Pamwamba pa Phiri

Taskmaster ndinayamba kuionera pa YouTube pakati pausiku, bandulo ya usiku ija itatsala pang'ono kutha. Poyamba ndinkangoona ngati ndi akuluakulu ochita zachibwana. Ndinazindikira mochedwa kuti nkhondo yeniyeni imachitikira pa kapepala kamalangizo kaja.

Mwini nzeruzi ndi Alex Horne. Mu 2009 anayamba kutumizira anzake anthabwala 20 ntchito pa imelo mwezi ndi mwezi, ndipo yoyamba inali yakuti aike ndalama mu akaunti yake, woika zambiri apambane. Ukathyali wake! Zotsatira anakaziulula ku Edinburgh Fringe mu 2010. Mu 2015 pulogalamuyi inafika pa kanema ya Dave, Greg Davies akugawa mapointi ali pampando ngati mfumu, kenaka mu 2020 inasamukira ku Channel 4.

Koma kwa ine chaka chofunika ndi 2016. Opikisana anauzidwa kuika mipira itatu ikuluikulu pa kamphasa ka yoga pamwamba pa phiri. Anayi anapuma wefuwefu kukwera nayo, mipira ikuwapulumuka. Richard Osman anawerenganso kapepalako, n'kukwera chimanjamanja, kutsika nako kamphasako, n'kuikapo mipira ali m'munsi momwemo. Mfundo yake inali yakuti mawu onena za pamwamba pa phiri ankangofotokoza pamene kamphasa kali, sankalamula kuti ntchito ichitikire kumeneko. Anzake anadandaula mu situdiyo, koma Greg anavomereza.

Ndinayesa kulemba langizolo m'Chichewa ndipo ndinapeza kuti chinenero chathu chimakukakamiza kusankha. Ukati “ikani pa kamphasa ka pamwamba pa phiri”, ka “ka” kachiwiriko kamupatsa kale Osman chilolezo. Ukati “mukaike pamwamba pa phiri, pa kamphasa”, wamutsekera. Chingerezi chinasiya khomo lotsegula, iye n'kulowa.

Musaganize kuti Greg ndi wachifundo. M'gawo lomwelo Joe Wilkinson anaponya mbatata kamodzi kokha n'kulowa m'kadzenje, anthu n'kukuwa. Kanema atabwezedwa, nsonga ya nsapato yake inaoneka itaponda malo ofiira amene kapepala kanaletsa. Anagwada, anapempha, koma mapointi anapita.

Ena amati zimene anachita Osman n'kubera. Ine ndimakana. Wilkinson anaswa zimene zinalembedwa, pamene Osman anangokana kumvera zimene sizinalembedwe. Komabe ndikavomere kuti kanema wa mbatata uja ndimamudumpha mpaka lero, amandiwawa.