MAPU AKALE A PA KHOMA NDI DZINA LA MARAVI

Anzanga amene tidamwa phala la m'poto mmodzi, ambiri a ife tidatuluka pa sukulu titaloweza kuti David Livingstone adafika pa nyanja yathu mu Seputembala chaka cha 1859, naitcha Nyasa. Chakacho nchoona ndithu. Koma lero ndifuna ndikuitanireni mboni ina imene siinkalowa m'kalasi, ndiyo mapu akale aja amene timawaona atapachikidwa m'mahotela, m'maofesi ndi m'nyumba za anzathu amene adayendapo maiko akunja. Ambirife timangoti "koma ndiye ngokongola," nkupitirira. Ine ndikuti tiime kaye, tiwawerenge.

Tiyambe ndi m'mene ankapangidwira. Mmisiri ankatenga chitsulo chamkuwa chaphanthiphanthi, chosalala ngati galasi, nkumazokotapo mitsinje, mapiri ndi maina ndi kachitsulo kosongoka. Zonse ankazilemba chogadamiza, kuti zikaoneke bwino zikadindidwa. Akatha ankapaka inki, napukuta pamwamba ponse kuti inkiyo itsalire m'mizere yokhayokha, kenaka nkuyalapo pepala lachinyezi ndi kulipanikiza m'makina. Mitundu yofiira, yobiriwira ndi yachikasu ankaipaka ndi manja pambuyo pake, pepala limodzilimodzi. Ntchitoyi inali ya miyezi, ndipo mkuwa unali wodula. Tsono mkuwa umodzi unkagwira ntchito zaka zambirimbiri, ndipo bodza likangozokotedwa linkakhalitsa, amisiri ena nkumalikopera.

Mu 1570 Abraham Ortelius wa ku Antwerp adatulutsa buku la mapu lotchedwa Theatrum Orbis Terrarum. Pa mapu ake a Africa gombe la nyanja yamchere lidajambulidwa bwino ndithu, popeza zombo za Apwitikizi zinali zitalizungulira kale. Koma m'kati mwa dziko adaikamo nyanja ziwiri zikuluzikulu, Zaire ndi Zaflan, nkunena kuti mtsinje wa Nile umachokera kumeneko. Maganizo a nyanja ziwirizi adachokera kwa Ptolemy wa ku Alexandria, amene adamwalira zaka zoposa 1,000 Ortelius asanabadwe. Willem Blaeu wa ku Amsterdam adatsata zomwezo m'zaka za m'ma 1600, naonjezapo njovu, zombo, zilombo za m'madzi ndi zithunzi za anthu m'mphepete mwa pepala. Mapu a Blaeu ndiwo amakondedwa kwambiri pokongoletsa khoma. Kunena zoona, amatiuza zambiri za zimene ogula a ku Amsterdam ankafuna kuona kusiyana ndi m'mene dziko la kuno linalili.

Koma uku amisiri akukoperana, mbiri yeniyeni inkayenda ndi amalonda. Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete, pa mtsinje wa Zambezi, ndipo ankagula minyanga ya njovu kwa Amaravi. Mu 1616 Gaspar Bocarro adanyamuka ku Tete wapansi, nalandiridwa ndi mfumu Muzura, nadutsa chakumwera kwa nyanja yathu mpaka kukafika ku Kilwa. Mu 1667 wansembe wina, Manuel Barreto, adalemba za ufumu wa Amaravi ndi mfumu yawo yaikulu imene iye adailemba kuti Caronga, ndiye Kalonga wathu uja.

Munthu amene ndimamuvulira chipewa pa nkhaniyi ndi Jean-Baptiste d'Anville wa ku Paris. Pa mapu ake a Africa a mu 1749 adachotsa njovu, zilombo ndi nyanja zopeka zija. Paliponse pamene analibe umboni adangosiya pepala loyera. Mapu akewo ngosakongola kwenikweni powayerekeza ndi a Blaeu, koma chakumpoto kwa Zambezi adajambulapo nyanja yaitali yopyapyala, nalembapo dzina lakuti Maravi. Tawerengani nokha: kuchoka 1749 kufika 1859 ndi zaka 110. Livingstone adayenda ndi miyendo yake, nayeza malo ndi zipangizo, ndipo mapu amene John Arrowsmith adajambula m'buku lake la mu 1865 ngolondola kuposa onse a m'mbuyo. Ulemu umenewo tisam'mane. Koma dzina la makolo athu linali litazokotedwa kale pa mkuwa ku Paris iye asanabadwe, ndipo dziko lathu litalandira ufulu pa 6 Julaye 1964 nkutchedwa Malawi, dzinalo silinali lachilendo pa mapu.

Mapu alinso ndi mano. Mu 1886 boma la Portugal lidatulutsa mapu opaka mtundu wofiirira kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique, ndipo dera la mtsinje wa Shire linali m'kati mwa utoto umenewo. Mu Januwale 1890 Britain idalamula Apwitikizi kuti achotse asilikali awo, ndipo mu 1891 dziko lino lidakhala pansi pa Angerezi. Utoto uja ukadapambana, bwenzi kalata ino tikuilemba tikusakaniza ndi Chipwitikizi. M'chaka cha 1890 chomwecho Britain ndi Germany adagwirizana kuti malire awo adutse m'mphepete mwa nyanja, mbali ya kum'mawa. Pamene mkangano wa malire a nyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania udabuka mu 1967, ndi pamene udayambiranso mu 2012, mapu a nthawi ya atsamunda ndi pangano lija ndizo zidatulutsidwa m'makabati. Mafumu a m'mbali mwa nyanja sadafunsidwe pojambula mzere uliwonse mwa mizere imeneyi.

Tsono inu amene muli nawo mapu otere, mudziwe chimene mwasunga. Mapu enieni akale amakhala ndi mzere wobooka pang'ono kuzungulira chithunzi, pamene mkuwa udapanikiza pepala. Ambiri ali ndi mpindo pakati, chifukwa adathotholedwa m'mabuku, ndipo a Ortelius ndi a Blaeu kawirikawiri amakhala ndi mawu osindikizidwa kumbuyo. Okopera a masiku ano, mukawayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu, amaoneka timadontho tokhatokha. Palibe cholakwa kukhala ndi okopera, bola musalipire mtengo wa enieni. Ngati anu ndi enieni, musawapachike poomba dzuwa kapena pakhoma lachinyezi, ndipo musawamate ndi guluu kapena selotepi.

Pomaliza ndipempha komiti yathu kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zosonkha ndalama zogulira mapu okopera atatu, a Blaeu, a d'Anville ndi a Arrowsmith, tikawapachike moyandikana mu laibulale ya sukulu yathu. Mwana wa Fomu 1 akaima patsogolo pake adzadzifunsa yekha kuti adajambula ndani, adamva kwa yani, ndipo ankafuna chiyani. Mafunso atatu amenewa ndiwo chiyambi cha phunziro la mbiri yakale.