Paki ya Uhuru: Kodi Malo a Boma ndi a Mtsogoleli?

Anzanga acinyamata, kodi mtsogoleli wa dziko angamange ciliconse cimene afuna pa malo a boma? Tiyeni tione zimene zinacitika ku Kenya.

Pakati pa mzinda wa Nairobi pali paki yochedwa Uhuru, mmene anthu wamba amapumulilamo. Mu 1989, dziko la Kenya likali pansi pa cipani cimodzi ca KANU, kunamveka kuti m'pakimo mudzamangidwa nyumba ya nsanjika 60 ya nyuzipepala ya cipanico, Kenya Times, pamodzi ndi cifanizilo cacikulu ca Pulezidenti Daniel arap Moi. Malowo anachingidwa ndi mpanda.

Amai Wangari Maathai, amene anayambitsa gulu lobzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977, anakana. Analemba makalata ku boma ndi ku manyuzipepala, ndipo anakasuma ku Khoti Lalikulu. Mu December 1989 woweluza anataya mlanduwo. Iye anati amaiwo alibe mphamvu yosuma m'malo mwa anthu onse, pakuti mphamvuyo ndi ya Loya Wamkulu wa Boma yekha. Koma nanga loyayo anali kusankhidwa ndi yani? Ndi Pulezidenti yemweyo! Kunali ngati kuuza mbuzi kuti ikadandaule kwa mwana wa fisi.

Aphungu anawanyoza amaiwo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo gulu lao linacotsedwa m'maofesi a boma mmene linali kugwilila nchito. Komabe mbili inafika kutali. Mu 1990 a kunja amene anafuna kuikapo ndalama anabwelela m'mbuyo, ndipo mu 1992 mpanda uja unacotsedwa.

Onani kuti cimene cinapulumutsa pakiyo si khoti ai, koma kulimba mtima kwa amaiwo. Anthu a ku Kenya anaphunzilapo kanthu. Malamulo aakulu a dzikolo a mu 2010 anakhazikitsa bungwe la National Land Commission loyang'anila malo a boma m'malo mwa anthu. Ndiponso ndime 70 ilola munthu aliyense kusuma pa nkhani ya cilengedwe, ngakhale iye mwini sanatayikidwe kanthu.

Anzanga, mtsogoleli ndi wosunga cabe, eni malo ndi anthu. Koma lamulo lomuikila malile n'lopanda mano ngati munthu wamba saloledwa kukaima nalo m'khoti.