Si Ghazwa Iliyonse Inali Nkhondo

Tikamaphunzitsa mbiri ya Mtumiki Muhammad (SAW) m'madrasa mwathu, tazolowera kumasulira mawu angapo a Chiarabu ndi liwu limodzi lokha lakuti "nkhondo". Mwana akamva kuti Mtumiki anapita kunkhondo ka 27, amaganiza kuti zaka zake khumi za ku Madina zinangothera pokhetsa mwazi. Maganizo olakwikawa timawadzala ndife aphunzitsi.

Olemba mbiri oyambirira ankasiyanitsa mawu mosamala. Harb ndi liwu lokuta nkhondo yonse, pamene qitaal ndi kumenyana kwenikweni ndi zida. Ghazwa ndi ulendo wa asilikali umene Mtumiki anautsogolera yekha, kaya kunamenyedwa kapena ayi. Sariyya ndi gulu limene analituma pansi pa mmodzi wa maswahaba, iye atatsala ku Madina.

Ibn Ishaq anawerenga maghazwa 27, koma ananena kuti kumenyana kunachitika pa 9 okha, monga pa Badr mu 624 ndi pa Uhud mu 625. Ghazwa yoyamba, ya Al-Abwa, inatha ndi pangano la mtendere ndi fuko la Banu Damra. Mu 630 Asilamu anayenda ulendo wautali m'nyengo yotentha kukafika ku Tabuk, nabwerako osakumana ndi mdani. Chimodzimodzinso sariyya ya Hamza, ya amuna 30, imene inakumana ndi Akuraishi m'mbali mwa nyanja: Majdi ibn Amr analowa pakati, ndipo magulu awiriwo anasiyana popanda kumenyana.

Komabe lamulo la mawuwa lili ndi popatukira. Nkhondo ya Mu'ta ya mu 629 imatchedwa ghazwa m'mabuku ambiri ngakhale Mtumiki sanapiteko. Anatuma Zayd ibn Haritha, ndipo iye ataphedwa pamodzi ndi Ja'far ndi Abdullah ibn Rawaha, Khalid ibn al-Walid ndiye anabweza asilikali kwawo.

Chichewa chathu sichisowa mawu. Timadziwa kuti kuzonda adani n'kosiyana ndi kuwathira nkhondo, ndiponso kuti kutchinjiriza mudzi, monga zinachitikira pa Khandaq mu 627, si kuukira. Tikamawerenga mbiriyi ndi ana, tiyambe tawafunsa kuti anatsogolera ulendowo ndani, anapitiranji, ndipo kodi lupanga linasololedwa.