Hades II na mbili ya kugula gemu yosatha

Kuno kwathu si zacilendo kuloŵa m'nyumba imene ikali kumangidwa. Malata akakhomedwa, zitseko zikaikidwa, banja limasamukilamo, ndipo pulasitala na siling'i zimabwela pambuyo ndalama zikapezeka. Koma n'zocepa kumva kuti munthu walipila ndalama kuti akhale m'nyumba ya wina yosatha, kenako n'kumauza mwini wake pamene afunika kuika windo. Izi n'zimene zinacitika pa 6 May 2024, pamene kampani yaing'ono ya ku San Francisco, Supergiant Games, inayamba kugulitsa gemu ya pa kompyuta yochedwa Hades II pa mtengo wa madola pafupifupi 30, ikali yosatha. M'masiku oyambilila, anthu oposa 100,000 anali kuiseŵela panthawi imodzi pa Steam. Kuti timvetse zimene anthu amenewa anakondwela nazo na zimene anadandaula, tifunika kubwelela kumbuyo zaka zoposa 40.

Mu 1980, ophunzila aŵili a pa yunivesiti ku Santa Cruz, California, Michael Toy na Glenn Wichman, anapanga gemu yochedwa Rogue. Pambuyo pake Ken Arnold wa ku Berkeley anawathandiza kuikonza. Inalibe zithunzi. Woseŵela anali cizindikilo ca @, ndipo zilombo zinali zilembo za alifabeti. Colinga cinali kutsika m'zipinda za pansi pa nthaka, kukatenga cithumwa cochedwa Amulet of Yendor, n'kubwelela kumwamba. Panali zinthu ziŵili zimene zinaisiyanitsa na magemu ena. Coyamba, kompyuta inali kusakaniza zipinda nthawi iliyonse, monga mmene timasakanizila makhadi tisanagaŵe, moti ngakhale amene anaipanga sanali kudziŵa cimene cili kuseli kwa citseko. Caciŵili, ukafa wafa. Zonse zimene unatola zinali kutayika, ndipo unali kuyambilanso pa ciyambi.

Magemu amene anatsatila njila imeneyi anayamba kuchedwa roguelike, kutanthauza ofanana na Rogue. Moria inatuluka mu 1983, NetHack mu 1987, Angband mu 1990. Ambili anali aulele, ndipo anali kukonzedwa kwa zaka zambili na anthu odzipeleka amene anali kumvela malipoti a oseŵela. Dzina lakuti NetHack linabwela cifukwa opanga ake anali kugwilila nchito pamodzi kupitila pa netiweki ya makompyuta. Conco kuyambila kale, mtundu uwu wa magemu unakula na cizoloŵezi cakuti woseŵela ali na mau pa zimene zikupangidwa. Unakulanso na mikangano. Mu 2008, pa msonkhano wa opanga magemu amenewa ku Berlin, analemba mndandanda wa zinthu zimene zimapangitsa gemu kukhala roguelike yeniyeni. M'caka comweco Derek Yu anatulutsa Spelunky, imene inatenga imfa na kusakaniza kwa zipinda n'kuziika mu gemu yothamanga na kulumpha. The Binding of Isaac inatsatila mu 2011, FTL mu 2012, Rogue Legacy mu 2013, ndipo mpaka lelo acikale ena amakana kuti amenewa ni ana enieni a Rogue.

Nkhani ya kugulitsa cinthu cosatha ili na mbili yakeyake. Markus Persson wa ku Sweden anayamba kugulitsa Minecraft mu 2009 ikali pa ciyambi, ndipo inamalizidwa mu November 2011. Makampani anaona kuti anthu angalipile pasadakhale, ndipo mu March 2013 Valve inatsegula dongosolo la Early Access pa Steam. Pangano lake n'losavuta: wogula amapeleka ndalama lelo, amaseŵela zimene zilipo, ndipo opanga amagwilitsila nchito ndalamazo na madandaulo ake pomaliza nchito. Koma palibe lamulo lowakakamiza kumaliza, ndipo Steam imacenjeza ogula kuti gemuyo ingasinthe kapena kukhala momwemo. Magemu a roguelike amayenda bwino m'dongosolo limeneli cifukwa munthu amawabweleza kambilimbili. Opanga akawonjezela cida cimodzi kapena cilombo cimodzi, ulendo wonse umamveka watsopano.

Supergiant, imene inayambidwa mu 2009 na Amir Rao na Gavin Simon, inali itapanga kale Bastion, Transistor na Pyre isanayese njila imeneyi. Hades yoyamba inatuluka yosatha mu December 2018 pa Epic Games Store, ndipo inamalizidwa pa 17 September 2020. Inacokela m'nthano za Agiriki: Zagreus, mwana wa Hades mfumu ya dziko la akufa, ayesa kuthaŵa panyumba pa atate ŵake. Nzelu yake yaikulu inali pa imfa. Zagreus akafa amabwelela kunyumba, kumene atate ŵake amamunyoza, ena amamulimbikitsa, ndipo nkhani imapita patsogolo. Kugonja kunaleka kukhala kutaya nthawi. Makope 700,000 anagulidwa gemuyo isanamalizidwe, ndipo patapita masiku ocepa itamalizidwa anapitilila 1 miliyoni. Mu 2021 inakhala gemu yoyamba kupata mphoto ya Hugo, imene nthawi zambili imapita kwa olemba mabuku na opanga mafilimu a nkhani zopeka.

Ndiye cifukwa cake pamene Hades II inalengezedwa mu December 2022, anthu anali na ciyembekezo komanso mantha. Aka kanali koyamba kuti Supergiant ipange gawo laciŵili la gemu yake. Ndipo oseŵela anali ataonapo kale zinthu zikulakwika. Darkest Dungeon II itatuluka yosatha mu October 2021, okonda yoyamba anagaŵikana cifukwa opanga anasintha kaseŵeledwe kake n'kuipanga kukhala ulendo wa pa ngolo. Kerbal Space Program 2, imene si roguelike, inagulitsidwa yosatha mu February 2023 pa madola pafupifupi 50, ndipo mu 2024 situdiyo imene inali kuipanga inatsekedwa nchito isanathe. Amene anagula anatsala m'nyumba yopanda mmisili.

Hades II itafika, mau oyamba anali oyamikila. Ndemanga za pa Steam zinali pa mlingo wapamwamba kwambili, ndipo ambili anadabwa kuti cinthu cochedwa cosatha cinali na malo, adani na anthu okamba ambili kuposa Hades yoyamba yonse. Tsopano woseŵela anali Melinoë, mlongosi wa Zagreus, amene analeledwa na Hecate kuti akamenyane na Chronos, mwini nthawi, amenenso ni ambuye ŵake. Nyimbo za Darren Korb na zojambula za gulu la Jen Zee zinatamandidwa monga kale. Koma mipata inali kuonekela poyela. Anthu ena a mu gemu analibe zithunzi zawo zomaliza, njila yopita ku phili la Olympus inali kuthela panjila, ndipo ngakhale utagonjetsa Chronos, nkhani inalibe mapeto.

Madandaulo oyamba anali a m'zala. Anthu amene anathela maola mahandiledi na Zagreus anazoloŵela kuzemba mdani mwa kulumpha mwamsanga kaŵili motsatizana. Melinoë amalumpha kamodzi kenako n'kuthamanga, ndipo mphamvu zake zazikulu zimafuna kugwila batani kwa kanthawi. Ena anati iye ni wolema, ena anayankha kuti vuto ni la amene afuna kuseŵela gemu yatsopano na manja a gemu yakale. Dandaulo lina linali la zida zotolela zinthu, monga piki, fosholo na mbedza. Woseŵela anali kuloledwa kunyamula cimodzi cabe pa ulendo, moti anali kupitilila miyala imene afunikila cifukwa wanyamula fosholo. M'mwezi womwewo wa May, Supergiant inatulutsa zosintha zoyamba: Melinoë anayamba kuthamanga mofulumila, ndipo lamulo la cida cimodzi linacotsedwa.

Panalinso nkhani ya Chronos. Woseŵela akayesa kuimitsa gemu ali mkati momenyana naye, iye anali kukamba monyoza n'kuiyambitsanso yekha, pakuti nthawi ni yake. Ambili anaseka n'kutumizilana mavidiyo. Ena sanaseke, maka-maka amene amafunika kuimitsa gemu mwana akalila kapena manja akalema. Mkangano wina sunali wa kaseŵeledwe n'komwe. Mulungu wosula zitsulo Hephaestus anajambulidwa ali pa njinga ya olemala, ndipo ena pa intaneti anakwiya nazo, ngakhale kuti nthano za Agiriki zenizenizo zimakamba kuti iye anali wolemala miyendo. Ndiyeno panali gulu lacete, la anthu amene anasankha kusaiseŵela mpaka itamalizidwa, poopa kudya nsima ikali pamoto n'kutaya njala ya nkhani yonse.

Ife amene timathandizila pa wailesi ya m'dela timaidziŵa bwino nkhani ya mau a anthu. Amene amatuma foni pa pulogilamu si ndiwo omvetsela onse, ndipo amene amatuma kaŵili-kaŵili si kuti ndiwo amakhala na mfundo nthawi zonse. Ukamvela aliyense pulogilamu imasoŵa mutu, ukapanda kumvela aliyense anthu amasintha siteshoni. Supergiant inali pa mphambano imodzimodziyo. Pa nkhani ya zida inagonja mwamsanga, cifukwa lamulolo linali kungotopetsa anthu. Pa nkhani ya kayendedwe ka Melinoë inawongola liŵilo koma sinamusandutse Zagreus. Zosintha zazikulu zinapitiliza kubwela mu October 2024, February 2025 na June 2025, ndipo gemu yonse inatuluka pa 25 September 2025.

Apa m'pamene panaonekela malile a pangano la early access. Kwa miyezi yoposa 16 oseŵela anayesa zida, adani na mphamvu za milungu, koma mapeto a nkhani anabisidwa mpaka tsiku lomaliza. Atawaona, ambili anakhumudwa na mmene nkhani ya Melinoë na Chronos inathela. Patapita mawiki ocepa, Supergiant inakonzanso mapetowo. Ena anayamikila kuti kampani yamvela. Ena anafunsa ngati wolemba nkhani ayenela kusintha mapeto ake cifukwa omvetsela adandaula. Tikaganizila agogo athu posimba nthano madzulo, timakumbukila kuti nawonso anali kuyang'ana nkhope za ana n'kutalikitsa kapena kufupikitsa nthano, koma kalulu sanali kuleka kukhala kalulu.

Kwa wacinyamata wa ku Chipata kapena ku Lusaka amene aganiza zotaya madola 30 na mabando a intaneti pa gemu yosatha, mbili imeneyi ili na phunzilo losavuta. Ndalama ya early access imagula zimene zilipo tsiku limenelo, pamodzi na mwayi wokambapo. Zotsalazo zimadalila mbili ya mmisili. Anthu anakhulupilila Supergiant mu 2024 cifukwa inamaliza nyumba yoyamba mu 2020, ndipo anali kudziŵa kuti ikalonjeza zosintha zimabweladi. Kumene kulibe mbili yotelo, ife tingalangize kuyembekezela. Gemu yabwino idzakhalapobe ikadzamalizidwa, ndipo nthawi zambili Steam ikatsitsa mitengo imapezeka yochipilapo.